Kudzutsa Land Rover yakale kumayambira pansi

ULÓNGUÈ — M'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, nyengo ya mvula ikafika misewu ya fumbi imasanduka matope, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimathera pamene pathera phula. Apa m'pamene anthu amakumbukira Land Rover yakale ija, imene m'malo ena yakhala zaka ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Alipo anthu okonda zitsulo amene amagula galimoto zotere n'kumazikonza pang'onopang'ono Loweruka ndi Lamlungu. Ena amatero chifukwa cha chikondi chabe. Koma kumudzi, galimoto yotere ikadzuka ndiyo imatulutsa kachewere ndi nyemba kumunda, ndiponso ndiyo imathamangitsa mayi wodwala kupita kuchipatala usiku. Tsono kuikonza bwino kapena kuikonza mwachinyengo ndi nkhani ya moyo wa anthu.

Land Rover yoyamba inatuluka ku England mu 1948. Mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo Defender yakale, imene inabwera pambuyo pake, inasiya kupangidwa mu 2016 kufakitale ya Solihull. Series III ili pawiri: yaifupi ya mainchi 88 ndi yaitali ya mainchi 109, kuyeza kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo. Zambiri zili ndi injini ya malita 2.25, ya petulo kapena ya dizilo. Ilibe kompyuta, ndipo makaniko wa sipanala ndi nyundo akhoza kuimasula yonse pansi pa mtengo.

Pogula m'pamene ambiri amapusitsika. Thupi la galimotoyi ndi la aluminiyamu, ndiye silichita dzimbiri lofiira lija. Ikapakidwa penti imaoneka ngati yatsopano. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chasisi ndi chachitsulo, ndipo matope akalowa m'kati mwake amachidya mwakachetechete. Wogula wanzeru amalowa pansi ndi nyundo n'kumagogoda. Chitsulo chabwino chimalira bwino. Chowola chimalira ngati dengu, mwina nyundo n'kulowa. Malo oyamba kuwola ndi chitsulo chopingasa chakumbuyo, tizitsulo ta m'mbali tonyamula thupi, ndi pamene dalaivala amaponda mapazi. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pamatuluka ufa woyera, kusonyeza kuti napo padyeka.

Chasisi chikawotchereredwa, ntchito yachiwiri ndi mabuleki, injini isanakhudzidwe n'komwe. Series III ili ndi mabuleki a dilamu matayala onse anayi. Mapaipi a labala, timasilinda ta m'matayala ndi mafuta a buleki, zonse zimayenera kusinthidwa ngati galimoto yakhala zaka osayenda. Msewu wotsika mapiri a Tsangano sukhululukira munthu amene anagula penti ndalama za mabuleki.

Powotcherera pafunika kusamala kwambiri. Pa zambiri mwa galimotozi thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala, choncho iyenera kuchotsedwa kaye, ndipo batire limasulidwe. Munthu asalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Paikidwe zitsa zolimba. Adziwenso kuti mabawuti ambiri ndi a mainchi. Sipanala za mamilimita zimangowononga mitu yake.

Zikatha izi, m'pamene munthu amaganiza zosintha. Chimene ambiri amalakalaka ndi injini yamphamvu. Dizilo yakale ya 2.25 ili ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 62, pamene 200Tdi, imene inayamba mu 1989 pa Discovery, imapitirira akavalo 100 ndiponso simwa mafuta ambiri. Imakwana mu Series III ikasinthidwa pang'ono zomangira, mapaipi a madzi ndi paipi ya utsi. Vuto ndi lakuti giyabokosi ndi mashafiti akumbuyo anapangidwira injini yofooka. Dalaivala wa phazi lolemera amathyola shafiti, makamaka pa yaifupi ija. Series III yaitali ili ndi difu yakumbuyo ya mtundu wa Salisbury, imene imapirira kwambiri. Ndipo liwiro likakwera mabuleki akadali akale omwe aja, ngozi yayandikira.

Zosintha zina ndi zotsikirapo mtengo. Masipuling'i a masamba ochepa, otchedwa parabolic, amachepetsa kugwedeza kumene kumapweteka msana. Giya yoonjezera, ya overdrive, imatsitsa kulira kwa injini pa phula la ku Tete. Mpweya wa injini ukhoza kukokedwa ndi paipi kuchokera kudenga kuti fumbi lichepe, koma izi sizisandutsa galimoto kukhala bwato. Mtsinje wodzaza umakokolola ngakhale lole. Matayala aakulu mopitirira muyeso amalemetsa chiwongolero ndi kutopetsa mashafiti.

Kuyendetsa nako kuli ndi mwambo wake. Kandodo ka mutu wachikasu kakatsindikidwa, matayala onse anayi amakoka. Ndodo ya mutu wofiira ikakokedwa kumbuyo, galimoto imalowa m'magiya otsika a pamatope ndi pachitunda. Pa phula louma sayenda ndi matayala onse anayi akukoka, chifukwa Series III ilibe difu yapakati, ndipo magiya amakanirirana mpaka china kuthyoka. Oyilo wa m'giyabokosi ndi m'madifu ayenera kuonedwa kawirikawiri, pakuti kudontha ndi khalidwe la galimotoyi. Ikawoloka madzi akuya, oyilo akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, asinthidwe tsiku lomwelo.

Pali nkhani ya mapepala imene eni galimoto amakonda kuiwala. Livrete imanena za injini ndi mtundu wa mafuta amene galimoto imamwa. Wosintha injini, kapena wochotsa ya petulo n'kuika ya dizilo, akaonane ndi a INATRO kuti zolembedwa zigwirizane ndi zimene zili m'boneti, ndipo asunge chiphaso cha kumene anagula injiniyo. Masipeya ogulidwa ku Dedza kapena ku Lilongwe adutse pachipata cha Calómuè ndi malisiti ake. Njira zachidule zimathera kulandidwa katundu.

Ntchito yonseyi siitha mwezi umodzi, ndipo kawirikawiri imadya ndalama zoposa zimene munthu anagulira galimotoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba ntchitoyi atsate ndondomeko: chasisi, mabuleki, chiwongolero, injini, mapepala, penti pomaliza. Ndipo ulendo woyamba ukhale waufupi, pamalo osatsetsereka, wopanda ana kumbuyo.