Msipu wa panthaka yamchere umadalira tizilombo ta kumizu

Kum'mwera kwa Australia kuli minda yambiri imene inachita kuyera mbee ndi mchere. Alimi atagwetsa mitengo yachilengedwe ya mizu yozama kuti alime tirigu ndi kuweta nkhosa, madzi apansi amene mitengoyo inkamwa anakwera pang'onopang'ono, nabwera ndi mchere umene unali chigonere pansipo. Pamalo otere udzu wina umamera ndithu, koma sunenepetsa chiweto chifukwa nthaka imapereŵera nayitirojeni. Njira yake ndi yodziwika: kusakaniza udzu ndi mbewu za m'gulu la nyemba. Chimene ambiri saganizira n'chakuti mbewuzi sizigwira ntchitoyo zokha, ndipo panthaka yamchere chimene chimayamba kufooka kaŵirikaŵiri si chomera, koma mnzake wosaoneka amene amakhala kumizu.

Mumpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma chomera sichingamutenge m'mene alilimo. Mu 1886 Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth a ku Germany anaonetsa kuti mbewu za m'gulu la nyemba zimamupeza kudzera m'timibulu ta pamizu yake, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriya amene amakhala m'timibuluto, omwe lero amatchedwa rhizobia. Amaloŵera m'tiubweya ta muzu, chomera n'kuwamangira pokhala ndi kuwadyetsa shuga, iwo n'kumachipatsa nayitirojeni. Kambulu kamene kakugwira ntchito kamakhala kofiira m'kati mukakadula. Kotuŵa ndiye kuti kakungodya. Mchere umasokoneza zimenezi pachiyambi penipeni. Tiubweya timapinimbira, mabakiteriya amalephera kuloŵa, ndipo timibulu timene tapangika timakhala tochepa ndi tofooka.

Nkhani ya chomera cha m'gulu la nyemba chotchedwa messina ndi umboni wokwanira. Kwawo ndi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo chimapirira mchere komanso lowe pamodzi, zimene mbewu zambiri zamsipu sizitha. Ofufuza a ku Australia atachibzala ndi mabakiteriya ogulidwa pamsika a mtundu wa WSM1115, chaka choyamba chinachita bwino. Chaka chachiŵiri, chitamera chokha kuchokera ku njere zimene zinayoyoka, mbande zinatuluka zachikasu ndiponso zopanda timibulu tokwanira. Njere zinapulumuka chilimwe, mabakiteriya ayi. Nyengo yotentha madzi akamauma, mchere umaunjikana pamwamba penipeni pa nthaka, pomwe mabakiteriyawo amadikirira mvula opanda muzu wobisalamo. Panatenga zaka akatswiri a ku South Australia ndi Western Australia akuyesa mitundu ina mpaka anapeza SRDI554, umene umapirira. Mu 2017 mbewu ya messina yotchedwa Neptune inafika kwa alimi limodzi ndi mabakiteriya akewo, popeza kutulutsa mbewu yokha kukanakhala kugulitsa khasu lopanda mpini.

Wina anganene kuti bwanji osangothira yureya. Pamunda wa chimanga funsoli n'lomveka, koma msipu wamchere phindu lake n'lochepa moti feteleza wa chaka ndi chaka sangabweze ndalama, ndipo pamalo a lowe nayitirojeni wambiri wa feteleza amangothaŵira mumpweya. Komanso nyemba zamsipu sizidyetsa nthaka yokha. Masamba ake ali ndi mapuloteni amene udzu wouma ulibe. Ena amati nthaka iliyonse ili kale ndi mabakiteriya ake. N'zoona, ndipo ofufuza amakonda kufunafuna mitundu yopirira m'nthaka zamchere zomwezo, koma kupirira mchere ndi kugwira nayitirojeni bwino n'zinthu ziŵiri. Mtundu wina umatha kulanda malo pamizu koma osapereka kanthu kooneka.

Chotsutsa chimene chili ndi mphamvu ndi chakuti mabakiteriya sachotsa mchere m'nthaka. Pamenepa palibe chokana. Mchere ukapitirira muyeso, ngakhale messina amafa, ndipo madzi apansi akapitiriza kukwera pamafunika ngalande ndi mitengo. Ntchito ya mabakiteriya ili pamalo apakatikati, amene sanafike poipiratu koma mbewu zina zinawakana kale.

Kuno kwathu nthaka ndi madzi amchere zimapezeka m'madera ena a m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komwenso kuli ng'ombe zambiri. Alimi ena a soya anazoloŵera kale kupaka mbewu mabakiteriya otere (inokulanti) asanabzale, choncho luso lake si lachilendo. Koma mabakiteriya a soya sagwira pa messina, ndipo nyengo ya ku Chikwawa si ya kum'mwera kwa Australia, komwe mvula imagwa m'miyezi yozizira. Aliyense woyesa msipu wotere m'chigwacho asafulumire kuŵerenga zokolola za chaka choyamba. Adikire chilimwe chidutse, mvula ikabwera azule mbande zomera zokha ndi kudula timibulu take.