Manyowa kapena feteleza: tithire chiyani m'dimba la kalabu yathu?

Makalabu ambiri a achinyamata ali ndi dimba la ndiwo zamasamba. Zina timagulitsa, zina timakapereka kwa ana amasiye ndi kwa anzathu omwe akumwa ma ARV, pakuti thupi lawo limafunika chakudya chamagulu. Nthawi yobzala ikafika, mkangano umakhala womwewo: tindalama tathu tigulire feteleza, kapena tikonze manyowa?

Feteleza sachedwa. M'thumba la Urea la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni, mchere womwe umabiriwiritsa masamba. Mukathira pa mpiru kapena repu wachikasu, pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri mumaona kusintha. M'ndowe zouma za ng'ombe zolemera chimodzimodzi, kawirikawiri nayitrojeni saposa kilogalamu imodzi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono.

Koma feteleza amadyetsa mbewu yokha, nthaka saikonza. Mukamathira Urea yekha chaka ndi chaka, asidi amachuluka m'nthaka ndipo zokolola zimayamba kutsika. Mtengo wake nawo si wamasewera. Tonse tikukumbuka mmene unakwerera mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba.

Manyowa amafewetsa dothi, amaitana nyongolotsi ndi tizilombo tina tothandiza nthaka, ndiponso amasunga chinyezi. Aliyense amene anathirirapo mabedi ndi keni dzuwa la Okutobala likuswa mtengo akudziwa phindu la bedi losauma msanga. Vuto la manyowa ndi ntchito: kututa, kuunjika, kutembenuza ndi kudikira miyezi iwiri kapena itatu.

Kudikirako tisakupeputse. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimawotcha mbande. Choopsa kwambiri n'chakuti zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, ndipo madzi othirira amatha kutifalitsira pa masamba ndi pa tomato. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV, kutsegula m'mimba kumamufooketsa msanga ndipo kumachedwa kutha. Choncho tithire manyowa owola bwino okha: akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi. Tisambe m'manja ndi sopo tikawagwira, ndipo ndiwo tizitsuke ndi madzi aukhondo tisanaphike.

Ife tikuona kuti dimba la kalabu liyambe ndi manyowa. Tiwasakanize ndi dothi pokonza mabedi, kenaka feteleza pang'ono abwere wobereketsa pa mbewu zadyera monga kabichi ndi tomato. Bonongwe, nkhwani ndi chisoso zimachita bwino ndi manyowa okha.

Ngati feteleza ndi wochepa, pali manyowa a Mbeya omwe alimi ambiri m'Malawi muno akupanga. Amasakaniza feteleza pang'ono ndi madeya a chimanga, phulusa, ndowe zouma zopera ndi madzi, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kwa masiku 21. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu akhoza kukuonetsani miyezo yake. Muitaneni ku msonkhano wa kalabu musanayambe kukonza mabedi.