Kuyeza madzi a m'dziwe la nsomba

Kuyeza madzi a m'dziwe la nsomba ndi njira yodziwira ngati madziwo ali oyenera kuti nsomba zikule bwino. M'dera la Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Mchinji, monganso m'madera ena a m'chigawo chapakati, maiwe amakumbidwa m'madambo pafupi ndi madimba. Nsomba zimene zimawetedwa kwambiri m'Malawi ndi makumba, chambo, chilinguni ndi mlamba. Madzi akaipa, nsomba zimasiya kudya, zimapinimbira, ndipo nthawi zina zimafa usiku umodzi wokha.

Maonekedwe a madzi

Madzi abwino amakhala obiriwira pang'ono chifukwa cha tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Akatswiri amayeza ndi kambale koyera ndi kokuda kotchedwa Secchi disk, dzina lochokera kwa Angelo Secchi wa ku Italy amene anakagwiritsa ntchito mu 1865. Kambaleka kakamasowa pa kuya kwa masentimita 30 mpaka 45, madzi ali bwino. Wopanda chipangizochi amaviika mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, m'dziwe mulibe chakudya chokwanira ndipo pafunika manyowa. Chikasowa mkono usanalowe mpaka m'chigongono, manyowa achuluka. Madzi ofiira sasonyeza chakudya, koma matope okokoloka m'minda.

Mpweya

Nsomba zimapuma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo zimakula bwino ukafika mamiligalamu 5 pa lita. Masana tizomera timapanga mpweyawu, koma usiku timaugwiritsa ntchito limodzi ndi nsomba. Choncho mpweya umachepa kwambiri m'bandakucha, ndipo iyi ndiyo nthawi yoyenera kuyendera dziwe. Nsomba zikamayandama ndi kuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi, mlimi asiye kuthira madeya ndi manyowa, ndipo alowetse madzi atsopano.

Asidi ndi kutentha

Kuchuluka kwa asidi kumayezedwa pa sikelo ya pH, yoyambira pa 0 mpaka 14, pogwiritsa ntchito timapepala tosintha mtundu tikaviikidwa m'madzi. Mulingo woyenera ndi 6.5 mpaka 9. Ukatsika kuposa apa, alimi amathira laimu.

Makumba ndi chambo amakonda madzi ofunda madigiri 25 mpaka 30. Mchinji ndi dera lokwera, kotero m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amazizira ndipo nsomba zimadya pang'ono. Chakudya chotsala chimawola pansi n'kumaliza mpweya, n'chifukwa chake nthawi yachisanu chimachepetsedwa.

Kulemba zotsatira

Kuyeza kamodzi sikuthandiza kwenikweni. Mlimi amene amalemba m'kope tsiku, nthawi ndi zimene wapeza amaona msanga madzi akayamba kusintha, makamaka mvula yoyamba ikakokolera feteleza ndi mankhwala a m'madimba m'dziwe. Ulangizi wa zimenezi umaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za nsomba, pamene kafukufuku amachitika ku National Aquaculture Centre ku Domasi m'boma la Zomba ndi ku Bunda, pa sukulu yaukachenjede ya LUANAR.