OMBWE: CHITSAMBA CHOLIMBITSA NTHAKA

Lero tikambirana za ombwe, chitsamba chimene ena amachitcha mthuthu, ndipo anzathu a kumpoto amati mtetezga. Akatswiri a zomera amachitcha Tephrosia vogelii, pokumbukira Theodor Vogel wa ku Germany, amene anamwalira m'chaka cha 1841 ali pa ulendo wofufuza mtsinje wa Niger.

Ombwe ndi mbadwa ya muno mu Afirika. Umamera wokha m'mphepete mwa nkhalango, m'malo a udzu ndi m'minda yogonera, kuyambira kuzigwa mpaka kumapiri a mamita 2,000. Umatalika mamita 2 kapena 3. Masamba ndi zikhokhombe zake nzaubweya, pamene maluŵa ake, amene njuchi zimawakonda, ndi oyera kapena ofiirira. Umapirira nthaka yoguga, koma pamalo podikha madzi sukondwa.

Nanga umakhala bwanji wobiriŵira pamene chimanga chalephera? Chinsinsi chili kumizu. Mukauzula mudzaona timatuza ngati ta kumizu ya mtedza. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga nayitirojeni mu mpweya ndi kudyetsa chomeracho. Masamba akayoyoka ndi kuola, chakudyacho chimatsalira m'nthaka, motero munda wotopa umayamba kutsitsimuka.

M'masamba muli poizoni amene amateteza chitsambachi ku tizilombo, ngakhale kuti si mtundu uliwonse wa ombwe uli ndi mphamvu imeneyi. Alimi amaanika masambaŵa pamthunzi ndi kuwasinja kuti aphere anankafumbwe a m'nyemba, kapena amawaviika m'madzi ophera nkhupakupa pa ng'ombe.

Komatu poizoni yemweyu ngwoopsa m'madzi. Akathiridwa padziŵe, nsomba zimalephera kupuma, ndipo zimafa zazikulu ndi tiana tomwe. Wopha nsomba motere wadya ndiwo za tsiku limodzi, koma waphera mudzi wonse mbewu. Nchifukwa chake lamulo la zausodzi la chaka cha 1997 limaletsa kuphera nsomba poizoni.

Chenjezo lina nlakuti mizu ya ombwe imasunga tinyongolotsi totupitsa mizu ya fodya ndi matimati. Choncho pamene mwadula ombwe bzalanipo chimanga.

Abambo ndi amayi, mukauona ombwe m'malire a munda musautenthe. Sungani njere zake, mudzafese mvula ikagwa. Tsalani bwino.