Opaleshoni yatha, koma phala liyambe layembekeza

Mukakwera minibasi yopita ku UTH kapena ku Levy m'mamawa, simulephera kuona amai atafungata fulasiki ya phala ndi botolo la maheu. Ali ndi wodwala amene walowa ku fiyeta, ndipo mtima uli pa cinthu cimodzi: akangotuluka, adyeko. Cikondi cimeneco ncabwino, koma cikafulumira cikhoza kupha munthu amene madokotala amupulumutsa kale.

Nkhani ili pa mankhwala ogoneka munthu pa opaleshoni. Mankhwalawa satha m'thupi pamene dokotala wamaliza kusoka. Minofu ya pakhosi imakhala ikali yolefuka, ndipo wodwala akagona cagada, lilime limagwera kumbuyo nkutseka njira ya mpweya. Mphamvu yomeza ndi yotsokomola nayonso imabwerera pang'onopang'ono. Manje akasanza, kapena wina akamumwetsa madzi, zinthuzo zikhoza kulowera ku mapapo m'malo mwa m'mimba. Zotsatira zake ndi kutsamwa kapena cibayo coopsa.

Ndiye cifukwa cake wodwala sapita ku wodi pamenepo. Amayamba wakhala m'cipinda ca pafupi ndi fiyeta, namwino ali pambali pake. Namwino amamugoneka cam'mbali kapena kukweza kumutu kwa bedi, amamuika cigoba ca okosijeni kumphuno ndi kukamwa, ndipo amamuveka kacipangizo ku cala koonetsa kuculuka kwa okosijeni m'magazi. Mwa munthu wathanzi nambalayo imakhala pakati pa 95 ndi 100. Mpweya ukayamba kuvuta, namwino amakankhira cibwano kutsogolo kuti lilime licoke panjira, ndipo malovu kapena masanzi amawayamwa ndi makina.

Wodwala akafika ku wodi, maso a inu wodikirira amathandiza kwambiri, pakuti namwino mmodzi amakhala ndi mabedi ambiri. Mkonono waukulu musauone ngati tulo tabwino. Mukamva kupuma kwa phokoso, mukaona milomo ikusintha mtundu, kapena munthu sakudzuka mukamuitana ndi kumugwedeza, itanani asisita pamenepo. Musaope kuti akukalipirani. Akayamba kusanza, mutembenuzireni mutu kumbali uku mukuitana thandizo. Za phala ndi madzi, funsani coyamba. Pa maopaleshoni ena, makamaka a m'matumbo, wodwala amayembekeza nthawi yaitali asanaloledwe kudya.

Cisamaliro cimayamba ngakhale musanalowe ku fiyeta. Kawirikawiri amauza munthu kuleka cakudya maola 6 opaleshoni isanayambe, ndipo madzi oyera maola 2, pokhapokha dokotala atanena zina. Ngati munabako kacitumbuwa pa siteshoni, ululani. Kusintha nthawi ya opaleshoni nkwabwino kuposa kusanzira m'mapapo. Nenaninso ngati mumakoka fodya, muli ndi asima kapena muli ndi mano oikirira.

Pakhosi pakamawawa pambuyo pake musadabwe. Ndi kapaipi kamene anakuikani kothandiza kupuma, ndipo ululuwo umatha m'masiku ocepa.

Kwa inu madalaivala ndi tonse okwera: mukatulutsidwa tsiku lomwelo, kwa maola 24 musagwire siteringi, musamwe mowa, ndipo musakwere basi muli nokha. Kashingi ya tsiku limodzi idzapezeka mawa. Fulasiki ija nayo isungeni yotseka mpaka asisita atanena kuti manje angadye.