Wotchi zamtengo wapatali siziyendera batire

LILONGWE - M'misika ya mu mzinda uno, kuphatikizapo wa Kauma, si zachilendo kupeza wotchi yonyezimira yolembedwa Rolex kapena Omega ikugulitsidwa motchipa. Zambiri mwa wotchi zotere n'zachinyengo, ndipo chomwe chimaziulula ndi kayendedwe ka muvi wa masekondi.

Wotchi zambiri zenizeni za makampaniwa zilibe batire. Mphamvu yake imachokera ku sipuling'i yopyapyala yokulungidwa m'kabokosi kozungulira. Mwini wake akapotokola kachitsulo ka m'mbali, sipuling'iyo imamangika, kenako imamasuka pang'onopang'ono n'kumatembenuza timawilo ta mano timene timayendetsa mivi.

Luso lalikulu lagona pa kuletsa mphamvuyo kuti isathe nthawi imodzi. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kawilo kamene kamapita uku ndi uku mothandizidwa ndi sipuling'i ina yowonda ngati tsitsi. Kawiloka kakagwedezeka kamodzi, kachitsulo kokhala ngati mphanda kamalola kawilo kena kusuntha pang'ono, n'kukagwiranso. Mu wotchi zambiri zamakono izi zimachitika ka 28,800 pa ola, komwe ndi kasanu ndi katatu pa sekondi. N'chifukwa chake muvi wa masekondi umaoneka ngati ukutsetsereka, pomwe wa wotchi ya batire umadumpha kamodzi pa sekondi. Komabe ena opanga zachinyengo amaikamo makina otchipa oyenda motero, choncho chizindikirochi pachokha si chokwanira.

Pomwe timawilo timazungulira pamaikidwa timiyala ta rubi topangidwa m'fakitale kuti zitsulo zisaperepeseke. M'chaka cha 1931 kampani ya Rolex inayamba kuikamo kachitsulo kolemera komwe kamazungulira mkono ukamagwedezeka, n'kumamanga sipuling'i kokha.

Chodabwitsa n'chakuti kudula kwa wotchizi sikutanthauza kuti zimasunga nthawi kuposa zinzake. Bungwe la COSC la ku Switzerland, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, limavomereza wotchi yotsalira masekondi osaposa anayi kapena yothamanga masekondi osaposa asanu ndi limodzi pa tsiku. Wotchi wamba ya batire, mtundu womwe kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 1969, imalakwitsa masekondi ochepa kuposa pamenepo. Ogula amalipirira ntchito ya manja, zitsulo zake komanso dzina.

Fumbi la m'chilimwe likalowa limasakanikirana ndi mafuta a m'kati n'kumadya timawilo, ndipo maginito a m'masipika amasokoneza sipuling'i yowondayo mpaka wotchi kuyamba kuthamanga. Ichi n'chifukwa chake imafunika mmisiri woiphwasula, kuitsuka ndi kuthiramo mafuta atsopano pakapita zaka zingapo.