Bwalo la Campo: Malo Amene Mzinda wa Siena Unasungira Anthu Onse

Mlendo wofika mumzinda wa Siena, m'chigawo cha Tuscany m'dziko la Italy, amayamba wayenda m'tinjira tokhotakhota pakati pa nyumba zazitali za njerwa, kenaka mwadzidzidzi kuwala kumamuthira m'maso. Apo amakhala watulukira pa Piazza del Campo, bwalo lalikulu la mzindawo. Bwaloli ndi lopendekeka, lotambasuka ngati chigoba cha nkhono ya m'nyanja, ndipo kumunsi kwake kwaima Palazzo Pubblico, nyumba ya khonsolo imene anayamba kuimanga mu 1297. Khonsolo ya Siena ikugwirirabe ntchito momwemo mpaka lero.

Mawu akuti campo amatanthauza munda. Kale pamalopa panali bwalo lafumbi lochitirapo msika, pamene mapiri atatu amene mzindawo wakhalapo amakumana. Amene anasintha malowa ndi boma la anthu asanu ndi anayi, limene linalamulira Siena kuyambira 1287 mpaka 1355. Aliyense mwa akuluakuluwa ankakhala pampando miyezi iwiri yokha, ndipo nthawi yonseyo ankagona m'nyumba ya khonsolo, kutali ndi achibale ndi abwenzi ofuna kumunong'oneza. Sikuti anali oyera mtima ayi. Anali amalonda ndi eni mabanki, ndipo amisiri wamba ndi anthu osauka analibe mpando pakati pawo. Komabe anazindikira chinthu chimodzi chimene makhonsolo ambiri amachizindikira mochedwa: malo a anthu onse satha tsiku limodzi, amatha pang'onopang'ono, wina akatulutsa khonde, mnzake akakankha mpanda.

N'chifukwa chake mu 1297 analamula kuti aliyense womanga nyumba yoyang'ana pabwaloli aike mawindo okhala ndi tinsanamira, ndipo asatulutse khonde lam'mwamba lolendewera kubwalo. Wolemera kapena wotchuka, lamulo linali lomwelo. Mu 1309 ndi 1310 anachitanso chinthu china chachikulu: anamasulira malamulo onse a mzinda kuchokera m'Chilatini kupita m'chilankhulo cha anthu, n'kuika bukulo poyera kuti osauka ndi ena osadziwa Chilatini athe kuliwerenga okha. Munthu sakanalipitsidwa chindapusa pa lamulo limene analibe mwayi wolimva.

Pofika m'ma 1340 bwalo lonse linali litayalidwa njerwa zofiira. Mizere ya miyala yoyera imaligawa m'zigawo zisanu ndi zinayi, chikumbutso cha olamulira aja, ndipo mizereyo imakakumana kumunsi pamene pali ngalande. Kupendekeka kuja kuli ndi ntchito: madzi a mvula sadikha pabwalo, onse amatsetserekera pamalo amodzi. Madzi akumwa ndiwo anali mutu waukulu, pakuti Siena alibe mtsinje. Anthu anakumba ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa bottini, zotalika makilomita pafupifupi 25 zonse pamodzi, kuti akoke madzi a m'mapiri. Madziwo atatulukira pabwalo m'ma 1340, anthu anasangalala kwambiri, ndipo kasupeyo amatchedwa Fonte Gaia, kutanthauza kasupe wa chimwemwe. Zosema zake, zimene Jacopo della Quercia anamaliza mu 1419, zinaperepeseka ndi mvula ndi dzuwa. Zimene mlendo amaona lero ndi zofanizira chabe, zenizenizo anazisamutsira m'nyumba.

Koma chimene chimayenera kumuimitsa mlendo nthawi yaitali chili m'kati mwa nyumba ya khonsolo. M'chipinda chimene asanu ndi anayi aja ankakumana, Ambrogio Lorenzetti anajambula pamakoma mu 1338 ndi 1339 zotsatira za ulamuliro wabwino ndi woipa. Kukhoma lina kuli mzinda wamtendere. Amisiri ali padenga akumanga, wosoka nsapato akugulitsa, mphunzitsi akuphunzitsa, anthu akuvina pamsewu, ndipo alimi akulowa pachipata ndi abulu osenza katundu, pomwe kunja kwa linga ena akulima ndi kukolola. Nzika 24 zagwirira chingwe chimodzi chochokera kwa Chilungamo. Kukhoma loyang'anizana nalo kwakhala wolamulira wankhanza wanyanga pamutu, Chilungamo chagona pansi chomangidwa, nyumba zikugumuka, midzi ikuyaka, asilikali akugwira anthu mumsewu. Zithunzizi sanazijambulire alendo. Anazijambulira amene ankagawa misonkho, kuti pokambirana akakweza maso aziona mbali zonse ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti khoma la ulamuliro woipa ndi limene lawonongeka kwambiri.

Pasanathe zaka khumi, mu 1348, mliri waukulu unagwa n'kupha anthu ochuluka zedi mumzindawo, ndipo Siena sanabwererenso pa ulemerero wake wakale. Kachisi wamng'ono amene ali patsinde pa nsanja anamangidwa ndi opulumuka pokwaniritsa lonjezo lawo. Nsanjayo, Torre del Mangia, ndi yotalika mamita pafupifupi 88, ndipo dzina lake linachokera kwa woliza belu wina amene anthu ankamunena kuti amadya malipiro ake onse.

Masiku ano moyo wa bwaloli uli m'manja mwa madera 17 a mzindawo otchedwa contrade, amene tingawayerekeze ndi mawodi, ngakhale kuti munthu amabadwiramo ndipo sachokamo mumtima ngakhale atasamuka. Malire ake anakhazikitsidwa mu 1729. Dera lililonse lili ndi mbendera, tchalitchi, kasupe ndi chizindikiro chake: kuli a Nungu, a Kadzidzi, a Nkhono, a Mbozi, a Fulu ndi ena. Pa 2 Julayi ndi pa 16 Ogasiti chaka chilichonse amathira dothi m'mphepete mwa bwalo, ndipo madera khumi amapikisana pa mjaha wa akavalo wotchedwa Palio. Akavalo amagawidwa mwa maere. Okwera sakhala ndi chishalo, amazungulira katatu, ndipo zonse zimatha isanakwane mphindi imodzi ndi theka. Wopambana ndi kavalo, choncho ngakhale wokwera atagwa panjira, kavalo wofika poyamba yekhayekha amapatsa dera lake chipambano. Mjahawu uli ndi oudzudzula, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti akavalo ena avulala ndi kufa pa ngodya yoopsa ya San Martino ngakhale amaikapo matiresi.

Mzinda unaletsa magalimoto ambiri pakati pake m'ma 1960, ndipo mu 1995 bungwe la UNESCO linaika Siena wakale pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kulowa pabwalo salipira. Malo odyera ozungulira ndi okwera mtengo, motero ana asukulu, mabanja ndi alendo ambiri amangokhala pansi panjerwa, kuyang'ana kunyumba ya khonsolo. Wofuna kuona zigawo zisanu ndi zinayi zija bwinobwino ayenera kugula tikiti ndi kukwera masitepe pafupifupi 400 a nsanja, m'kanjira kopanikiza koti anthu awiri amavutika kupatukirana.